Mafunso a Awerengi: Tizikwama ta Zolembera ta M'fayilo ya Mphete

Makalata amene tasankha mwezi uno achokera m'boma la Mangochi, ndipo onse akufunsa za chinthu chimodzi: kachikwama ka zipi kokhala ndi mabowo m'mbali, kamene timakakoloweka m'fayilo ya mphete pamodzi ndi mapepala, kuti zolembera, mapensulo ndi tinthu tina ting'onoting'ono tiziyenda ndi fayiloyo kulikonse kumene ikupita. Makalata ena tawafupikitsa, ndipo mayina tawachotsa monga mwa chizolowezi cha tsamba lino.

Funso: Akonzi, ine ndine mphunzitsi, ndipo masikimu ndi mapulani a maphunziro ndimasunga m'fayilo ya mphete ziwiri. Pa kaunjika ndidapeza kachikwama ka nsalu yolimba, ka mabowo atatu okhomedwa timphete tachitsulo, koma nditafika nako kunyumba kadakana kulowa. Ndikakoloweka bowo limodzi, linalo limapitirira mphete. Kodi kadalakwika kufakitale, kapena fayilo yanga ndiyo yolakwika? — Mphunzitsi, Namwera

Yankho: Aphunzitsi, kufakitale sikudalakwike kanthu, ndipo fayilo yanu ili bwinobwino, nkhani ndi yakuti zinthu ziwirizi zidapangidwira mayiko osiyana. Ku Malawi kuno, monganso ku South Africa, ku Mozambique ndi ku Ulaya, timalemba pa pepala la A4, limene ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi mamilimita 297 m'litali, ndipo kabowoledwe kake kamatsata muyezo wotchedwa ISO 838. Muyezowu umati mabowo akhale awiri, otalikirana mamilimita 80 kuchokera pakati pa bowo lina kufika pakati pa linzake, bowo lililonse likhale la mamilimita 6, ndipo likhale pafupifupi mamilimita 12 kuchokera m'mphepete mwa pepala. Mafayilo a mphete zinayi amene amapezeka m'maofesi ena amangowonjezera bowo limodzi kumtunda ndi lina kumunsi, motalikirana mamilimita 80 omwewo, n'chifukwa chake pepala la mabowo anayi limalowa m'fayilo ya mphete ziwiri popanda chovuta. Ku America ndi ku Canada n'kosiyana, chifukwa pepala lawo ndi lalifupi komanso lotambalala pang'ono, mamilimita 216 m'lifupi ndi 279 m'litali, ndipo mafayilo awo ali ndi mphete zitatu zotalikirana mamilimita 108. Kachikwama kanu kadasokedwera mafayilo a kumeneko, ndipo kusiyana kwa mamilimita 28 kumene mukukuona sikungathe ndi kukoka kapena kukankha.

Kabowoledwe kathuka kadachokera ku Germany. Friedrich Soennecken wa mumzinda wa Bonn ndiye amadziwika kuti adayambitsa fayilo ya mphete m'chaka cha 1886, ndipo m'chaka chomwecho adalembetsanso chobowolera mapepala; pambuyo pake, mu 1896, Louis Leitz wa ku Stuttgart adatulutsa fayilo yaikulu ija ya kachogwirira kotsegulira zitsulo, imene lero yadzaza mashelefu a maofesi ndi a masukulu athu.

Kachikwamako musakataye, pakuti kangathe kukonzedwa. Bowo lapakati pa atatuwo ndilo poyambira: yezani mamilimita 40 kumtunda kwake ndi mamilimita 40 kumunsi kwake, pamzere umene mabowo akalewo ali, ndipo ikani zizindikiro. Amene alibe lula yodalirika atenge pepala limene lidabowoledwa kale, alipinde pakati kuti mabowo ake awiri agundane, kenaka aike mkwinya wa pepalalo pa bowo lapakati la kachikwama n'kulemba pamene mabowo a pepala agwera. Mukatero pitani kwa wosoka nsapato, amene amakhala ndi chobowolera zikopa ndiponso timphete tachitsulo ta m'mabowo a zingwe za nsapato, koma mutenge fayilo yanu popita, chifukwa timphete tambiri ta nsapato ndi topanikiza, ndipo kamphete kothina kamakakamira pa mphete ya fayilo m'malo moyenda momasuka. Chobowolera cha muofesi musachiyese pa nsalu. Mano ake adapangidwira pepala ndipo amabuntha msanga. Ngati nsaluyo ndi ya nayiloni ndipo timphete tasowa, msomali wotenthetsa pamoto, wogwiridwa ndi pulayala, umaboola n'kumata ulusi wa m'mbali mwa bowo nthawi imodzi, kotero kuti siliyoyoka.

Tsiku lina mukamakagula, nyamulani kapepala kobowoledwa m'thumba kuti mukayeze pomwepo. Tizikwama timene abale amabwera nato kuchokera ku Joni kawirikawiri timalowa m'mafayilo athu, ndipo tina tili ndi mzere wa mabowo 11, ngati umene uli pa timapepala ta pulasitiki tosungiramo zikalata, umene umalowa m'fayilo ya mphete ziwiri, zitatu ngakhalenso zinayi.

Funso: Zikomo akonzi. Ine ndine mlembi wa gulu la banki m'khonde, ndipo malamulo a gulu, mndandanda wa mamembala ndi mapepala a ngongole ndimasunga m'fayilo. Ndidagula kachikwama koikamo chidindo, kabokosi ka inki yake, kakyuleta, zolembera zofiira ndi zabuluu, makiyi ndi ndalama za chindapusa, kuti zonse zizikhala malo amodzi. Tsopano fayilo sikutsekeka, mphete zake sizikukumana bwino, ndipo mapepala akung'ambika pa mabowo ndikamatembenuza. Ndichite chiyani? — Mlembi wa gulu, Makawa

Yankho: Mayi, katundu amene mwatchulayo ndi wa m'bokosi, osati wa m'fayilo. Kachikwama kamtunduwu kamakhala pa mphete zomwezo zimene mapepala akukhala, ndipo malo alionse amene katenga kamawalanda kwa mapepalawo. Mtolo wa mapepala 500 a A4, umene amagwiritsa ntchito ofotokopa, ndi wochindikala pafupifupi masentimita 5, kutanthauza kuti mapepala 10 amadya milimita imodzi. Fayilo wamba ya mphete za mamilimita 25 imanyamula mapepala pafupifupi 200 popanda kupanikizika. Tsono kachikwama kanu kakatupa kufika masentimita awiri, zimene chidindo cha chogwirira chamtengo chimachititsa chokha ngakhale mutachigoneka, ndiye kuti malo onse a mapepala 200 atha musanaikemo ngakhale tsamba limodzi la malamulo a gulu.

Zimene zachitikira mphete zanu zachokera pomwepo. Pansi pa chitsulo chimene chimaoneka pamsana wa fayilo pali timapuleti tiwiri timene timagwira mphete n'kuzikankha kuti zizikumana molimba. Munthu akamakanikiza zikuto kuti zitseke pamwamba pa chinthu chotupa, mphamvu yonse imapita pa mphetezo, zimapendekera kumbali, ndipo pokumanira pake pamatsala kampata kapena kasongole kamene kamakola pepala lililonse lodutsapo. Ena amaziwongola ndi pulayala, ndipo zimathandiza kwa kanthawi, koma chitsulo chimene chapindika kamodzi sichibwerera m'malo mwake kwenikweni, choncho ndi bwino gulu lipatule ndalama ya fayilo yatsopano mapepala a ngongole asanathothoke. Amene ang'ambika kale muwamate tepu m'mbali mwake, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kubowolanso pa tepuyo. Fayilo yatsopanoyo ikakhala ndi timakiyi totsegulira kumapeto kwa chitsulo, muzitsegulira pamenepo. Ikakhala yopanda, muzikoka mphete zonse ziwiri pamodzi ndi manja awiri, osati imodzi yokha.

M'kachikwama musiye zolembera ziwiri kapena zitatu, pensulo, labala, lula yaifupi, ndi kakyuleta ngati ili yopyapyala. Chidindo ndi kabokosi ka inki zibwerere m'bokosi la gulu, momwe kabokosiko kadzakhala chogona. Kakaimirira m'fayilo, inki imatsetserekera mbali imodzi, ndipo tsiku lotentha imatulukira pa chivindikiro. Za makiyi ndi ndalama ndinene mosapita m'mbali, ngakhale simunandifunse kwenikweni. Magulu a banki m'khonde amatseka bokosi ndi maloko atatu, makiyi n'kuwapatsa anthu atatu osiyana, ndi cholinga chakuti pasakhale munthu mmodzi wokhudza ndalama ali yekha. Chindapusa chiwerengedwe pamaso pa onse n'kulowa m'bokosi tsiku lomwelo, chifukwa mlembi amene akuyenda ndi ndalama za gulu m'fayilo yake, ngakhale ali wokhulupirika chotani, akudziitanira mlandu umene adzavutike kuutsutsa tsiku logawana.

Kachikwamako kazikhala kutsogolo, pamwamba pa mapepala onse, kuti mukatsegula fayilo kazigwera kumanzere, inu n'kumalemba pa mapepala osalala. Kakakhala kumbuyo mumalemba pamwamba pa zolembera, ndipo nsonga imaboola pepala. M'fayilo yaikulu ya kachogwirira, kaikeni pamwamba pa kachitsulo kopanira mapepala, osati pansi pake.

Funso: Akonzi, ndimagwira ntchito ya ukalaliki muofesi ya denga la malata. Ndili ndi kachikwama ka pulasitiki yoonekera mkati, ndipo mwezi wa Novembala ndidapeza kuti zilembo za fotokope ya satifiketi yanga, imene idagundana ndi kachikwamako, zamatirira pa pulasitiki, pepala n'kutsala lotuwa. Mkati mwake cholembera chidali chitataya inki, ndipo labala adamatirira ku lula mpaka kuisiyira chipsera. Kodi ndi kutentha kwa kuno kokha, kapena pali china? — Kalaliki, Monkey Bay

Yankho: Bambo, kutentha kwangofulumizitsa zinthu, gwero la mavuto awiri mwa atatuwo ndi mtundu wa pulasitiki. Zilembo za fotokope si inki yolowa m'pepala monga ya cholembera, koma ndi ufa wakuda wosakaniza ndi pulasitiki umene makina amausungunula ndi kutentha n'kuumata pamwamba pa pepala. Tizikwama tambiri toonekera mkati timapangidwa ndi pulasitiki yotchedwa PVC, imene payokha ndi yolimba ngati ya mapaipi a madzi, ndipo kuti ifewe amaithira mankhwala ofewetsa okhala ngati mafuta. Mankhwalawa sakhazikika, amatuluka pang'onopang'ono, ndipo akakhudza zilembo za fotokope amazifewetsa mpaka zimasiya pepala n'kukakamira pa pulasitiki. Kukatentha amatuluka msanga, ndipo pepala likapanikizidwa pa pulasitikiyo ndi kulemera kwa mafayilo ena, ntchitoyo imatha m'masabata ochepa. M'mbali mwa nyanja kuno, kumene m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 30 tsiku ndi tsiku, ndipo pansi pa malata kumaposa pamenepo, zimene kwina zimatenga nthawi yaitali zimachitika m'nyengo imodzi.

Labala wanu walakwira lula m'njira yomweyo. Malabala oyera ofewa ambiri nawonso ndi a PVC yothira mankhwala ofewetsa, ndipo malula oonekera mkati pamodzi ndi matupi a zolembera zambiri amapangidwa ndi pulasitiki yolimba imene mankhwalawa amaisungunula. Kachikatoni kamene kamakuta labala watsopano si kolembapo dzina la kampani kokha. Ndi kamene kamaletsa kugundana kumeneku, choncho musamakataye, muzingokadula pang'onopang'ono labala akamatha. Amene adakataya kale akulunge labalayo m'kapepala.

Pulasitiki imene siichita zimenezi ndi ya mtundu wa PP. Pa zinthu zambiri pamakhala kachizindikiro ka makona atatu kokhala ndi nambala mkati: 3 ndi PVC, pomwe 5 ndi PP. Chizindikiro chikasowa, manja ndi mphuno zimathandiza, pakuti PVC ndi yolemerako, yoonekera bwino ngati galasi, yofewa ikapindidwa, ndipo ikakhala yatsopano imanunkha kwambiri, pomwe PP ndi yopepuka, yotuwirako, imalira ikamapindidwa, ndipo ilibe fungo lotere. Ngati simukufuna kutaya kachikwama kamene muli nako, bowolani katoni yopyapyala, monga chikuto cha folda yakale, n'kuiika pakati pa kachikwama ndi mapepala. Zilembo zimene zachoka sizingabwezedwe, muyenera kufotokopanso. Ndiwonjezere kuti satifiketi yeniyeni isabowoledwe ndipo isagundane ndi pulasitiki yofewayi ngakhale tsiku limodzi. Ilowe m'kapepala ka PP kosungiramo zikalata, kamene kali ndi mabowo akeake.

Za cholembera ndi nkhani ina. Inki ya bolopeni ndi yokhuthala, ya mafuta, ndipo imatsikira ku kampira ka kunsonga chifukwa cha kulemera kwake. Ikatenthedwa imasungunuka, ndipo cholembera chikakhala chitaloza kumwamba, mpweya umalowera pa kampirako, inki n'kubwerera m'mbuyo mpaka kutulukira kumatako, kumene kachubu kake n'kotsegula. Apa pali chimene ambiri sachiganizira: fayilo ikaimikidwa pa shelefu, zolembera za m'kachikwama nazonso zimaimirira, ndipo theka la izo limakhala litaloza kumwamba ngati zidangoponyedwamo. Muziziika zonse nsonga zitaloza kumunsi kwa fayilo, zivindikiro zili pomwepo. Fayilo isasiyidwe pa dashibodi ya galimoto, pawindo la minibasi kapena pa keriyala ya kabaza itaima padzuwa, ndipo muofesi ikhale pa shelefu ya m'munsi, chifukwa mpweya wotentha umasonkhana pafupi ndi denga. Inki imene yatayikira pa pulasitiki imachoka ndi sipiriti pa kansalu. Kabotolo ka mankhwala oyera ofufutira zolakwika kasalowe m'kachikwama n'komwe, popeza kakatseguka palibe chimene chimapulumuka.

Funso: Akonzi, ndili mu Fomu 4. Lula yanga ya masentimita 30 sikulowa m'kachikwama, ndipo kachitini ka zida za masamu kakutupitsa fayilo. Komanso ndifunse ngati ndingalowe ndi kachikwamaka m'chipinda cha mayeso. — Wophunzira, Malindi

Yankho: Mwanawe, lulayo siidzalowa, chifukwa pepala la A4 ndi mamilimita 297 m'litali, pomwe lula ya masentimita 30 imapitirira mamilimita 300 ukawerengera timalo topanda manambala ta kumapeto kwake, ndipo kachikwama sikangatalike kwambiri kuposa pepala popanda kutulukira kunja kwa fayilo. Uiike m'thumba la mkati mwa chikuto ngati lilipo, kapena upeze lula yopyapyala ya mabowo imene imakolowekedwa pa mphete payokha. Kachitini kasiye kunyumba, utengemo kampasi, pulotalakita, maseti sikweya ndi lula ya masentimita 15, zimene zikagonekedwa bwino sizitupa. Nsonga ya kampasi uibaye m'kachidutswa ka labala wakale kuti isaboole nsalu kapena chala chako. Za mayeso a MSCE ufunse aphunzitsi aakulu mayeso asanayandikire, ndipo uchite zimene oyang'anira mayeso alamula. Kumene amalola kulowa ndi chosungiramo zolembera, choonekera mkati ndicho sichiutsa mafunso, koma uchichotse m'fayilo, usiye fayilo ndi manotsi ake kunja, ndipo uonetsetse kuti mulibe kapepala kalikonse kolembedwa, ngakhale lisiti la kugolosale.

Funso: Akonzi, ndimagula usipa padoko n'kumakagulitsa ku Limbe, ndipo ngongole za asodzi ndi malisiti ndimasunga m'fayilo. Nthawi ya mwera mafunde amatiwaza, ndipo manja amakhala onyowa nthawi zonse. Kodi kachikwama ka zipi kangateteze zolembera, foni ndi malisiti ku madzi? — Wogula usipa, Msaka

Yankho: Mayi, zipi wamba siletsa madzi, chifukwa amalowera pakati pa mano ake ndi pa nsalu ya m'mbali mwake, ndipo ngakhale kachikwama kakanakhala kotseka bwino, mapepala amene ali pa mphete akananyowabe. Chitetezo chenicheni ndi kuika fayilo yonse m'jumbo yochindikala n'kupinda kukamwa kwake, kuitulutsa pokhapokha polemba. Fayilo ikhale ya zikuto za pulasitiki yolimba, osati ya katoni, imene ikamwa chinyezi imafufuma n'kuyamba kuthothoka pamene chitsulo chidakhomedwa. Kwa inu ndingasankhe yaing'ono ya A5, ya mapepala a mamilimita 148 ndi 210, imene imagwirika ndi dzanja limodzi. Ya mphete ziwiri imatsata mamilimita 80 omwe aja, kotero kuti chobowolera cha masiku onse chimakwanira. Mabuku a mphete zisanu ndi imodzi, monga a Filofax, ndi okongola, koma mapepala ndi tizikwama take ndi ta muyezo wakewake ndipo mudzavutika kutipeza.

Padoko pensulo imaposa bolopeni, chifukwa imalemba ngakhale pepala lili ndi chinyezi ndipo zolemba zake sizisungunuka madzi akagwerapo. Madzulo, mutakhala pouma, mutha kukopera ngongolezo ndi cholembera m'kaundula wa kunyumba. M'kachikwama muike mapensulo awiri osongola kale ndi chosongolera. Malisiti alowe m'kajumbo kakekake asanalowe m'kachikwama, makamaka aja osalala otuluka m'timakina, amene zilembo zake zimafufutika ndi kutentha ndiponso zikagundana ndi pulasitiki yofewa. Foni isakhale m'fayilo: ndi yolemera, imapinda mphete, ndipo fayilo ikaiwalika pa thandala mwataya zonse pamodzi. Mukafika kunyumba tsegulani zipi ndi fayilo yomwe kuti ziume, mupukute mphete ndi kansalu kouma, popeza dzimbiri likayamba limadetsa pepala lililonse pa mabowo.

Funso: Akonzi, ine ndine telala, ndimasokera pakhonde la sitolo. Makolo ndi aphunzitsi akhala akundifunsa ngati ndingasoke tizikwama totere. Ndidayesa kamodzi ndi chitenje, koma kadang'ambika pa mabowo sabata isanathe. Ndithandizeni miyezo ndi nsalu yoyenera. — Telala, M'baluku

Yankho: Atelala, funso lanu ndi limene landikondweretsa kwambiri, chifukwa ndikukhulupirira kuti kachikwama kosokedwa bwino pakhonde kangapose tambiri ta m'sitolo, timene timasweka m'makona pulasitiki ikauma, ndipo zipi yake ikafa palibe wokonza. Kanu kadang'ambika chifukwa mudaboola nsalu yokhayokha. Kulemera konse kwa zolembera kumalendewera pa mabowo awiri, ndipo fayilo ikaimirira bowo lakumtunda ndilo limasenza pafupifupi zonse, choncho luso lonse la ntchitoyi lili pa lamba wa mabowo, osati pa thumba.

Lambayo akhale wa masentimita atatu m'lifupi, wa nsalu yopindidwa kawiri kapena katatu, ndipo mkati mwake mulowetse chinthu cholimba chosatanuka, monga lamba wa chikwama chakale kapena kachidutswa kodulidwa ku chikuto cha pulasitiki cha fayilo yotha ntchito. Musoke mizere iwiri m'litali mwake, ndipo mzere wa mkati ukhale malire otseka, kuti mapensulo asamatsetserekere ku mphete n'kulepheretsa kachikwama kutembenuka. Pakati pa bowo lililonse pakhale mamilimita 12 kuchokera m'mphepete. Mukalowetsa mkati kwambiri, nsalu yotsalayo imagunda chitsulo cha pamsana ndipo kachikwama sikagona. Mabowo atalikirane mamilimita 80, ndipo mkati mwa kamphete kachitsulo musachepere mamilimita 6. Kukulirapo pang'ono n'kwabwino, chifukwa nsalu yochindikala imafuna mpata kuti izungulire pa mphete. Ngati mukufuna kuti kalowenso m'fayilo ya mphete zinayi, mabowo anayiwo amatenga mamilimita 240 kuchokera pa loyamba kufika pa lomaliza, ndiye lamba asachepere masentimita 27 m'litali. Musamayeze kachikwama kalikonse ndi tepi yanu ya nsalu, imene imatanuka ikakalamba. Pemphani wa fotokope akubowolereni katoni yolimba ndi chobowolera chake, ikhale patani yanu ya masiku onse. Timphete tachitsulo tikasowa, sokani mabowowo ngati a mabatani, ozungulira, ndi ulusi wa nayiloni wopiringiza kawiri.

Thumba lenilenilo likhale pafupifupi masentimita 25 m'litali ndi masentimita 16 kapena 17 m'lifupi, osawerengera lamba, kuti pensulo yatsopano, imene imafika masentimita 19, ilowe mosakakamiza, komanso kuti kachikwama kasatulukire kunja kwa zikuto. Likhale lafulati, nsalu ziwiri zogundana basi. Makasitomala adzakupemphani kuti muike nsalu ya m'mbali kuti muzilowa zambiri, koma muwafotokozere zimene ndauza mlembi wa ku Makawa, kuti kachikwama kotupa kamawononga mphete za fayilo; mukawamvera adzabwerera kudzadandaula kwa inu. M'malo mwake sokani mkati lasitiki yotambalala yogawidwa timalo tinayi kapena tisanu, kuti zolembera zizigona mondondozana, nsonga zonse kumunsi, osaunjikana pakona imodzi.

Nsalu yabwino ndi jinzi ya pa kaunjika, makamaka ya m'miyendo imene siinathe, kapena nsalu ya lona yopepuka. Chitenje chigwiritsidwe ntchito ngati chovala cha kunja chokha, pamwamba pa nsalu yolimba, ndipo chichapidwe kaye chisanadulidwe kuti chisadzafupike kapena kusukuluka pa mapepala a eni ake. Mkati muike nsalu yowala, chifukwa m'thumba lakuda kachosongolera ndi fulashi zimabisala. Amene akufuna kuona za mkati muwaikire zenera la neti ya nayiloni ya pawindo, imene ilibe vuto la pulasitiki yofewa limene lasautsa kalaliki wa ku Monkey Bay. Neti ya udzudzu ya kuchipatala isayandikire makina anu, pakuti ili ndi mankhwala, ndipo ntchito yake ndi yoteteza anthu ku malungo, nkhani imene ife a m'mbali mwa nyanja tauzidwa kokwanira.

Zipi ikhale ya mano a nayiloni, nambala 3 kapena nambala 5, chifukwa zachitsulo zotsika mtengo zimachita dzimbiri ndi chinyezi cha kunyanja, ndipo mano ake amakanda mapepala. Za kampani ya YKK ya ku Japan zimadziwika kuti n'zolimba, ndipo nthawi zambiri zimapezeka pa majekete ndi zikwama zakale za pa kaunjika, zimene mungagule motchipa n'kumasulako zipi yokhayo. Muisoke m'litali, kumbali yotalikirana ndi mabowo, kuti munthu azitsegula fayilo ili chogona popanda kuchotsa kachikwama pa mphete, ndipo ikatsekedwa kachogwirira kake kazithera kumtunda, kuti ikatseguka pang'ono zinthu zisagwe. Kumapeto konse kwa zipi khomani ndi ulusi kangapo, popeza ana a sukulu amakoka mopanda chifundo. Zipi ikayamba kulimba, kuipaka kandulo kapena kuikhula ndi nsonga ya pensulo kumaifewetsa. Mafuta ophikira ayi, amakola fumbi.

Mtengo muupeze powerengera zipi, timphete, ulusi ndi nthawi yanu, ndipo musoke tambiri nthawi imodzi teremu yoyamba isanayambe, pamene makolo akugula mayunifolomu ndi makope. Pakhonde panu pakhale mafayilo awiri akale, ya mphete ziwiri ndi yaikulu ya kachogwirira, kuti kachikwama kalikonse mukakoloweke, mukatembenuze kangapo, mutseke fayilo n'kuiimika musanakapereke kwa mwini wake. Ndipo kasitomala amene fayilo yake idachokera kunja mumuuze abwere nayo musanadule nsalu.